Tinali pachibwenzi, inde, koma chinatha

Ndisanamalize n'komwe kufotokoza za nkhanza zimene bwana wanga ankandichita pantchito, amayi a ku ofesi yoona za ogwira ntchito anavula magalasi n'kundifunsa kuti, "Koma achemwali, si paja inu awiri munali pachibwenzi?"

Ndinayang'ana pansi. Funso limeneli ndi limene linanditseka pakamwa miyezi isanu ndi iwiri, chifukwa ndinkadzifunsa ndekha usiku uliwonse ndipo yankho ndinkalidziwa. Inde, tinali pachibwenzi. Palibe anandikakamiza, palibe anandinyenga ndi ndalama. Ndinamukonda ndekha. Ndikulemba izi chifukwa cha wina amene funso lomweli likumudya mumtima, n'kumaganiza kuti poti anavomera kale, lero alibenso pakamwa.

Kwathu ndi ku Dedza. Ku Mzuzu ndinabwera chifukwa cha ntchito, pakampani ina ku Luwinga komwe ndimalemba katundu wolowa ndi wotuluka. Ndinapeza nyumba ya lendi ku Chibavi. Ndinkaganiza kuti munthu wa ku Dedza kuzizira sikungamuopse, koma nkhungu ya ku Mzuzu ndi mvula yake yowaza ya mu June zinandiphunzitsa ulemu. M'bale wanga mumzinda wonse anali mmodzi, azakhali a ku Katoto. Ndiye mnyamata wina wa pantchito, wa udindo wofanana ndi wanga, atayamba kundiperekeza pokakwera kabaza, kundiphunzitsa moni wa Chitumbuka, kundionetsa pogula kaunjika wabwino, sizinatenge nthawi. Tinakhala pachibwenzi chaka ndi miyezi inayi. Tinkapita ku Nkhata Bay kukadya batala ndi kondowole, ndipo pantchito aliyense ankadziwa, mpaka alonda a pageti ankandinena kuti alamu.

Ndinathetsa ndine. Nsanje yake inali itafika poti foni yanga ikalira ankafuna aone kaye ndi iye. Ndinamuuza Lamulungu lina kunyumba kwanga, anakhetsa misozi, kenako anati wamva. Kwa miyezi iwiri zinaoneka ngati wamvadi. Ndiye mkulu wa dipatimenti yathu anapuma pantchito, ndipo amene anamukweza pampando umenewo anali iyeyo.

Tsiku lomwelo ndinasiya kumunena kuti iwe, ndinayamba kuti inu, bwana. Iye sanasinthe. Kwa iye ndinali iwe basi, ngakhale pagulu.

Zinayamba ndi mauthenga a pa WhatsApp usiku. "Wagona?" "Ndakusowa." Kenako mawu ena amene sindingawalembe pano, okumbutsa za kuchipinda. Masana ankandiitanira mu ofesi mwake n'kutseka chitseko, nkhani ya ntchito mphindi ziwiri, yotsalayo yondichonderera. Tikamawerenga katundu pakati pa mashelefu, podutsa ankandigwira m'chiuno ngati malo achepa. Tsiku lina madalaivala ndi anyamata onyamula katundu ali pomwepo, ananena akuseka kuti, "Uyu musamandiuze, ndimamudziwa kuyambira kumutu mpaka kuphazi." Onse anaseka. Inenso ndinaseka, n'kupita kuchimbudzi kukalira.

Kuseka kumeneko ndi kulakwitsa kwanga koyamba, ndipo ndinakubwereza kambirimbiri. Uthenga woipa ukabwera ndinkayankha kuti "kkkk musatero bwana", poganiza kuti ndikumukana mwaulemu kuti asapse mtima. Kulakwitsa kwachiwiri, mauthenga a miyezi itatu yoyamba ndinkawafufuta m'mawa uliwonse, chifukwa ndikawaona ndinkamva nseru. Zonse ziwirizi zinadzandisautsa pambuyo pake.

Zinafika poipa nthawi yowerenga katundu wa kunthambi ya ku Karonga. Ulendo umenewo umakhala ndi alawansi, ndipo kwa munthu wa malipiro ngati anga alawansi imeneyo ndi lendi ya mwezi. Anandiuza maso ali gwa kuti, "Ukafuna dzina lako likhalepo, ukudziwa chochita." Ndinakana. Dzina langa silinakhalepo. Patatha sabata ziwiri ndinalandira kalata ya chenjezo chifukwa chochedwa mphindi khumi, tsiku la mvula limene theka la ofesi linachedwa. Kalata inali yanga ndekha. Yachiwiri inabwera mwezi wotsatira, pa makatoni awiri amene anasowa m'buku koma anapezeka tsiku lomwelo. Ndipo usiku wina ananditumizira chithunzi changa chakale, chimene ndinamutumizira ndekha chikondi chili m'tsaya, n'kulemba pansi pake kuti, "Ndikadali nacho."

Ndinapita kwa azakhali ku Katoto. Anamvetsera akusenda mbatata, ndipo nditamaliza anati, "Mwana wanga, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ntchito masiku ano ikusowa. Komanso ukapita kukanena, adzakufunsa kuti unkafunanji kwa iye poyamba. Pirira, adzatopa yekha." Sindiwaimba mlandu. Ananena zimene anthu ambiri a msinkhu wawo akananena, ndipo ananena chifukwa chondikonda. Koma ndinachoka kumeneko nditatsimikiza zolemba kalata yosiya ntchito, ndibwerere ku Dedza ndizikagulitsa kachewere pamsewu.

Kalatayo ndinailembadi. Inali m'chikwama changa Loweruka limene mnzanga wina wa kukwaya, amene amagwira ntchito yothandiza anthu pa nkhani za malamulo, anandifunsa chifukwa chimene ndaondera chonchi. Tinakhala pakhonde la tchalitchi mpaka dzuwa kupendeka. Nditafika pa mawu akuti "koma vuto ndi loti tinali pachibwenzi", anandidula.

"Ndiye?"

"Ndiye ndinavomera ndekha."

"Unavomera liti?"

"Kale."

"Nanga mwezi uno unavomera?"

Anatulutsa foni n'kundiwerengera lamulo la Gender Equality Act la 2013, gawo 6, akumasulira pang'onopang'ono. Lamulolo limati munthu wachita nkhanza zokhudza kugonana ngati achita khalidwe lililonse la mtundu umenewo limene mnzake sakulifuna, kaya ndi mawu, zizindikiro, kapena kumugwira thupi, pamene munthu woganiza bwino, poona mmene zinthu zonse zilili, akanadziwa kuti mnzakeyo akhumudwa, anyozeka kapena achita mantha. Wopezeka wolakwa, chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka 5. Anandipatsa foniyo n'kunena kuti, "Funa pamene alemba kuti kupatula ngati munagonapo limodzi." Ndinafunadi ngati wopusa, mzere ndi mzere. Panalibe.

Koma mnzangayo sanandinyengerere, ndipo zimene ananena kenako ndi zimene ndikufuna muzimve bwino. Anandilozera mawu aja akuti poona mmene zinthu zonse zilili. Chibwenzi chathu chakale ndi chimodzi mwa zinthu zimenezo. Iye adzachitchula, ndipo ali ndi ufulu wochitchula. Adzanena kuti umu ndi mmene tinkachezera kuyambira kale, kuti sanadziwe kuti ndikukhumudwa, kuti onani, mwiniwake ankayankha ndi kuseka. Ndiye nkhani yonse idzagona pa chinthu chimodzi: kodi pali tsiku limene anauzidwa mosapsatira kuti zimenezi sindikuzifuna, ndipo atauzidwa anapitiriza? Munthu amene sanakhalepo naye pachibwenzi savutika kwambiri kuonetsa kuti sankafuna. Ife amene tinavomerapo timafunika kuonetsa pamene kuvomerako kunathera. N'zowawa, ndipo ine ndimaona kuti katunduyu amalemera kwa wolakwiridwa kuposa wolakwa, koma ndi mmene anthu oweruza nkhani amaganizira, ndipo ndi bwino kulowa m'nkhaniyi ukudziwa.

Usiku womwewo tinalemba limodzi uthenga umodzi. Unali waufupi, wopanda chipongwe, wopanda kaseko. Ndinalemba kuti chibwenzi chathu chinatha mwezi wakutiwakuti, kuti sindikufuna mauthenga achikondi kapena okhudza kugonana, sindikufuna kugwidwa thupi, sindikufuna kuti za moyo wathu wakale zizinenedwa pantchito, ndipo chithunzi changa achifufute. Ndinati kuyambira lero tizilankhulana za ntchito zokha. Chala chinkanjenjemera potumiza. Anayankha patatha mphindi zinayi: "Iwe ndi wanga, usiye zachibwanazo." Mnzanga uja ataona anati, "Wakulembera yekha umboni."

Kuchokera tsiku limenelo sindinafufutenso kanthu. Uthenga uliwonse ndinkaujambula pafoni, deti ndi nambala yake zikuoneka, n'kuutumiza ku imelo yanga, osati ya kuntchito, chifukwa ya kuntchito akhoza kukutsekera tsiku lililonse. Ndinagula kope la ana asukulu, n'kumalembamo madzulo aliwonse: tsiku, nthawi, malo, zimene wanena kapena wachita, ndi amene analipo. Zakale zimene ndinkakumbukira ndinazilemba padera, n'kulemba pamwamba kuti izi ndalemba pokumbukira. Makalata a chenjezo aja ndinawachita fotokope, ndipo buku losaina pofika pantchito la tsiku la mvula lija ndinalijambula, chifukwa linkaonetsa anthu ena asanu amene anafika pambuyo panga.

Kalata yosiya ntchito ija mnzanga anandiuza kuti ndiing'ambe, ndipo anandifotokozera chifukwa chake. Lamulo la Employment Act la 2000, gawo 60, limalola wantchito kuchoka popanda notisi ngati khalidwe la olemba ntchito lafika poti sizingatheke kuyembekezera munthu kupitiriza, ndipo kuchoka kotero kumawerengedwa ngati wachotsedwa. Koma amene amayenera kuonetsa chifukwa chimene chinamuchotsa ndi wantchitoyo. Kalata yanga ndinali nditalemba kuti ndikusiya pa zifukwa za kunyumba, ndikuthokoza kampani pondisunga bwino. Ndikanaipereka, ndikanadzitsekera ndekha chitseko. Anandiuzanso kuti munthu akachotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi miyezi 3 yokadandaula kwa mkulu wa ofesi ya leba ya m'boma lake, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khothi la milandu ya pantchito, limene lilinso konkuno ku Mzuzu. Ambiri miyezi itatuyo amaithera kulira ndi kufunsa maganizo kwa abale, podzidzimuka nthawi yadutsa. Lamulo lomwelo, pa gawo 57, limaletsa kuchotsa munthu popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo kudandaula kuti malamulo akuphwanyidwa pantchito si chifukwa chochotsera munthu kapena kumulanga.

Za chithunzi chija, anati ndi mlandu wina pawokha. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuvutitsa kapena kuopseza munthu kudzera pafoni ndi pa intaneti, ndipo nkhani yotere ukhoza kupita nayo kupolisi, ku Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitidwa nkhanza. Kuti chithunzicho ndinatumiza ndekha sizimupatsa ufulu wondiopseza nacho.

Ndiye ndinafika kwa amayi a magalasi aja, ndi funso lawo lija.

Ndinadzutsa mutu n'kuwauza kuti, "Inde mayi, tinali pachibwenzi chaka ndi miyezi inayi. Ndalemba zimenezo m'ndime yoyamba ya kalata yanga ya dandauloyi. Chimene ndabwerera ndi zimene zachitika chitatha." Apa ndi pamene malangizo a mnzanga anandipulumutsa koposa. Mtima unkandiuza kuti ndibise, kapena ndichepetse, ndinene kuti tinkangocheza. Ndikanatero, iye akanangotulutsa zithunzi za ku Nkhata Bay, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chimene ndikananena chikanakhala cha munthu wabodza. Poti ndinanena ndekha, mpeni umene ankadalira unali utabuntha asanausolole.

Amayiwo anayesa kaye njira ya kumudzi. Anati nkhani za anthu okondana n'zovuta kuzilowerera, bwanji atiitane tonse awiri tikhale pansi tigwirane chanza. Ndinakana mwaulemu. Ndinawauza kuti sindinabwere ndi nkhani ya banja yofuna ankhoswe, ndabwera ndi dandaulo la pantchito, ndipo ndikupempha kuona ndondomeko ya kampani yothana ndi nkhanza zotere. Gawo 7 la Gender Equality Act limanena za ndondomeko imeneyi: kuti malo a ntchito akhale ndi njira yolandirira madandaulo, ndipo wolakwa alangidwe. Limanenanso chinthu chimene mabwana ambiri sakonda kuti tichidziwe, kuti wochitidwa nkhanza sayenera kudikira kuti njira za pakampani zithe kaye asanapite kupolisi kapena kukhothi. Sindinawaopseze. Ndinangonena kuti ndikudziwa kuti bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi limene linapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa, ndi lomwe lija linafufuza madandaulo a amayi ogwira ntchito ku MBC n'kutulutsa lipoti mu 2021, koma ndasankha kuyambira pakhomo. Anavalanso magalasi awo. Ndondomekoyo inapezeka mufayilo ina, fumbi lili mbuu. Ndinawapempha asaine pa fotokope ya kalata yanga ndi kulembapo deti, kuti mawa pasadzakhale zoti sitinalandire.

Sabata zitatu zodikira zinali zowawa kuposa miyezi yonse ija. Nkhani inatuluka, sindikudziwa kuti inatulukira pati, ngakhale anandilonjeza chinsinsi. Pa nkhomaliro anthu ankasiya kulankhula ndikafika. Mayi wina amene tinkadyera limodzi anandiuza kuti, "Munkadya nokha zokoma, lero zawawa mukufuna mumuphere ntchito mwana wa eni ake." Amuna ena ankati akazi ndi choncho, chikatha amabwezera. Ndinapempha kuti pa nthawi yofufuzayo ndisakhale pansi pa bwana uja, ndipo anandiika pansi pa mkulu wa dipatimenti ina. Chimenechi pemphani msanga, musadikire kuti aganize okha.

Pa tsiku lomva nkhani panali anthu atatu, mmodzi wochokera kulikulu ku Lilongwe. Bwana uja anachita ndendende zimene mnzanga ananena. Anabwera ndi mapepala a mauthenga athu akale, ena a nthawi ya chibwenzi, ena a "kkkk musatero bwana" aja. Kumva mawu ako achikondi akuwerengedwa mokweza ndi bambo wachikulire wovala tayi, pamaso pa anthu, ndi chinthu chimene sindingafunire ngakhale mdani wanga. Ndinafuna nthaka ing'ambike. Anandifunsa chifukwa chimene ndinkasekera ngati zinkandiwawa. Ndinayankha zoona, kuti ndinkaopa, chifukwa amene ankalemba mauthengawo ndi yemweyo ankasaina fomu yanga ya tchuthi.

Kenako bambo wa ku Lilongwe uja anatenga uthenga wanga womuletsa uja, anawerenga deti lake, n'kufunsa kuti, "Bwana, uthenga uwu munaulandira?" Anavomera. "Nanga awa khumi ndi anayi obwera pambuyo pake, analemba ndani?" M'chipindamo munangoti zii.

Si zonse zimene zinandiyendera. Za kundigwira m'chiuno anati palibe mboni, ndipo za miyezi itatu yoyamba panalibe chogwirika poti ndinafufuta ndekha. Mwa anthu onse amene anaseka tsiku lija, amene anavomera kuchitira umboni anali mmodzi yekha, mnyamata wonyamula katundu, waganyu, amene akanatha kuuzidwa kuti mawa usabwere popanda wina womufunsira. Madalaivala onse anati sakukumbuka. Za ulendo wa ku Karonga iye anati anasankha potengera ntchito, ndipo komitiyo inazisiya pomwepo. Koma mauthenga, chithunzi, ndi buku losaina lija zinakwana. Makalata anga awiri a chenjezo anawachotsa mufayilo. Iye anamupatsa chenjezo lomaliza, anamuchotsa pampando uja n'kumusamutsira kunthambi ina, ndipo anasainira kuti chithunzi wafufuta ndipo sadzandilemberanso.

Ena anandiuza kuti chilango chachepa, ndipite kukhothi ndikapeze chipukuta misozi. Njira inalipo, ndipo ku Legal Aid Bureau kuno ku Mzuzu amathandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Ndinaganiza sabata yathunthu, n'kusankha kusapita. Ndinali nditatopa, ndipo chimene ndinkafuna kuyambira pachiyambi chinali kugwira ntchito yanga popanda mtima kugunda chitseko cha ofesi chikatsekedwa. Sindikunena kuti ndinasankha bwino. Masiku ena ndimaganiza za mtsikana amene adzakhale pansi pake kunthambi inayo, ndipo tulo timandithawa. Kope lija ndi maimelo aja ndikusungabe.

Mnzanga wa kukwaya anandiuzanso kuti lamuloli silinena za akazi okha. Mwamuna amene bwana wake wamkazi, kapena mnzake wa pantchito, akukana kumva kuti chinatha, gawo 6 lomwelo ndi lake, ngakhale ndikudziwa kuti kwa mwamuna kukanena zimenezi anzake angamuseke mpaka kumudzi. Komanso si kukwiyitsana kulikonse kwa anthu osiyana chibwenzi kumene kuli mlandu. Akanangosiya kundipatsa moni, kapena akanandipempha kamodzi kuti tibwererane n'kumva kukana kwanga, sindikanakhala ndi nkhani yopita nayo kulikonse.

Azakhali nditawauza mmene zathera anangoti, "Ana a masiku ano," koma pochoka anandinyamulira mbatata zambiri kuposa masiku onse. Mayi uja wa pa nkhomaliro mpaka lero sitilankhulana bwino. Mnyamata waganyu uja akadali pantchito, ndipo ndikaphika mandasi Lolemba amayamba ndi iye.

Mwezi wathawu ndinakumana naye bwana wanga wakale uja mumsika waukulu, kogulitsa usipa. Panalibe kothawira, kanjira kake n'kakang'ono. Anaima, anasuntha kundipatsa njira, n'kunena kuti, "Muli bwanji, achemwali?"

Ndinayankha kuti ndili bwino, kaya inu. Ndinagula usipa wanga wa mbale ziwiri n'kupita kokwerera kabaza.